Amayi akufuna kuona London wapansi, tiyambire pati?

Make Tadala: Odi pa gulu pano abale. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa London. Amayi anga anabwera kuno ku Leicester mwezi watha kudzaona chidzukulu ndipo abwerera kumudzi kumapeto kwa July. Chibwerereni sanaone kalikonse kupatula msewu wa kwathu kuno ndi tchalitchi. Ndapeza tchuthi Lachinayi ndi Lachisanu, ndiye ndikufuna tipite ku London tikagone usiku umodzi. Koma iwo akaniratu za sitima ya pansi ija, akuti "ndinabwera kudzaona dziko, osati kudzalowa ku una ngati mbewa." Ali ndi zaka 67 koma ndi olimba, ku Chiradzulu amalima okha. Kodi n'zotheka kuyenda wapansi basi? Tiyambire pati? Ndalama si zambiri, ndisakunamizeni.

Ankolo a ku Slough: Mwana wanga, usawavutitse mayi. Akwezeni basi ija yopanda denga pamwamba, akhale phee aziona zonse ali chikhalire. Munthu wamkulu sayendetsedwa ngati mbuzi ya pa msika.

Nasibeko: Ankolo, basi imeneyo tikiti ya munthu mmodzi ndi ndalama yogulira ndiwo za sabata yonse, ndipo theka la nthawi mumathera pa mzere wa magalimoto mukuyang'ana msana wa basi inzake. Make Tadala, ine ndakhala ku Croydon zaka 11 ndipo alendo onse ochokera kumudzi ndimawayendetsa wapansi. Chimene anthu sadziwa n'chakuti pakatikati pa London ndi pang'ono. Mapu a Tube, sitima ya pansi ija, ndi amene amanamiza, chifukwa anawajambula kuti aoneke bwino, osati kuti asonyeze mtunda. Kuchoka pa Leicester Square kufika pa Covent Garden sipakwana mamita 300, koma mupeza anthu akutsika masitepe, kudikira sitima, kulipira, kukweranso, pomwe akanangoyenda mphindi zinayi.

Make Tadala: Eti? Ine ndemwe ndinachitapo zimenezo chaka chatha kkkk

Nasibeko: Tonse tinadutsamo asisi. Mukubwera pa chiyani, basi kapena sitima?

Make Tadala: Basi, ndi yotchipa. Tikatsikira ku Victoria cha m'ma 10 koloko m'mawa.

Nasibeko: Ndiye mwachita mwayi. Kuchoka pa depoti ya Victoria kufika pa Buckingham Palace, nyumba ya mfumu, ndi mphindi 15 kapena 20 poyenda modekha. Asilikali a zipewa zaubweya aja amasinthana cha m'ma 11 koloko, koma osati tsiku lililonse, muone kaye pa intaneti. Kunena zoona ine sindiona chifukwa chopanikizana pa mpanda paja. Anthu amadzaza ngati pa Kamuzu Stadium tsiku la Bullets ndi Wanderers, ndipo munthu wamfupi amangoona mafoni a anzake ali m'mwamba. Imani m'mbali mwa msewu wofiira uja, The Mall, bandi ikamadutsa muiona bwinobwino. Mukatero lowani mu St James's Park, muli mabenchi, mthunzi, agologolo osaopa munthu, mayi apumule. Kenako mutsate The Mall mpaka pa Trafalgar Square, ndi kilomita imodzi chabe. Masana mutsetsereke ndi Whitehall kukafika pa Big Ben. Tsiku loyamba lithere pamenepo. Zonse pamodzi sizipitirira makilomita anayi kapena asanu.

Wa pa Ndix: Makilomita 4 okha tsiku lonse?? Ine ndi anzanga tinapanga Buckingham, Big Ben, London Eye, Tower Bridge, British Museum ndi Camden tsiku limodzi. Foni inawerenga masitepe 31,000

Nasibeko: Ndipo mu British Museum munaonamo chiyani achimwene?

Wa pa Ndix: Tinajambulitsa pakhomo

Mlamu wa ku Joni: Kkkkkk mapanga awiri avumbwitsa, nanga asanu ndi limodzi

Aphunzitsi opuma: Ndiloleni ndilowererepo, ngakhale ine London ndimangoidziwira m'mabuku amene ndinaphunzitsa ku Zomba zaka 30. Mayi a Tadala, pamene mukuyenda mu The Mall muja musangoyang'ana mbendera. Kudzanja lamanzere pochokera ku nyumba ya mfumu kuli nyumba ziwiri zimene zikutikhudza ife. Yoyamba ndi Lancaster House, kumene Dr Banda ndi anzake anakambirana ndi nduna ya atsamunda Iain Macleod mu 1960, atangotuluka kumene m'ndende ku Gweru, ndipo zokambiranazo ndi zimene zinabala chisankho cha 1961. Nyumba yomweyo ndi imene a ku Zimbabwe anasainiramo pangano lawo mu 1979. Patsogolo pang'ono pali Marlborough House, kumene mu November 1962 anagwirizana zoti Nyasaland iyambe kudzilamulira. Lero ndi likulu la Commonwealth. Simungalowe mwachisawawa, koma kungoima n'kuwauza mayi kuti ufulu wa 1964 unaphikidwira kuseri kwa mpanda uwu, ndi kanthu ndithu. Pa basi ya Ankolo ija mukhoza kudutsa osadziwa n'komwe.

Ankolo a ku Slough: Aphunzitsi, ulemu wanu, koma maondo a munthu sadziwa mbiri. Ine ndinawayendetsa apongozi anga chomwecho, tsiku lachiwiri anakana kudzuka.

Nasibeko: Apa pokha Ankolo akunena zoona ndipo ndisawatsutse. Kuyenda kwa kumudzi ndi kwa kuno n'kosiyana. Kumudzi mumaponda dothi ndipo mumayenda ulendo umodzi mpaka kukafika. Kuno ndi simenti ndi miyala yokhayokha, ndiponso mumangoti kuyenda pang'ono, kuima, kuyenda, kuima. Kuimaimako ndi kumene kumapha msana ndi akatumba. Ine ku ntchito ndimaima maola 12 koma mu myuziyamu ola limodzi ndatheratu. Ndiye lamulo langa ndi ili: ola lililonse akhale pansi mphindi khumi, atope asatope. Ndipo nsapato zikhale zakale zimene phazi linazolowera.

Make Tadala: Mayo ine, ndawagulira zatsopano dzulo lomweli kuti akaoneke bwino pa zithunzi

Nasibeko: Ayambe kuzivala lero m'nyumba, apo ayi zisiyeni. Matuza akatuluka pa chidendene ulendo wathera pomwepo.

Make Tadala: Chabwino. Tsopano chachikulu chimene amayi akufunitsitsa ndi ichi. Iwo ndi a mpingo wa PIM, anabatizidwira ku Mbombwe konko. Anamva pa wailesi kuti ku London kuli chiboliboli cha John Chilembwe ndipo chichokereni kumudzi nkhani ndi yomweyo. Akuti azimayi anzawo a ku mpingo anawatuma kuti akabweretse chithunzi. Chili pati kwenikweni?

Wa pa Ndix: Pa Trafalgar Square pomwepo, ine ndinajambulitsapo 2023

Nasibeko: Asisi, pepani, ndikuuzeni lero kuti mayi asakakhumudwire pamalopo. Chibolibolicho anachichotsa mu 2024.

Make Tadala: Aaa ayi. Anachichotsa chifukwa chiyani? Pali amene anadandaula?

Mlamu wa ku Joni: Ndinadziwa ine. Azungu sangalole munthu wakuda amene anawaukira aime pakati pa mzinda wawo

Nasibeko: Ayi alamu, si choncho. Pabwalo paja pali nsanja zinayi za ziboliboli, m'ngodya iliyonse imodzi. Zitatu zili ndi eni ake okhazikika, mfumu George IV ndi akuluakulu awiri a asilikali amene anakamenya nkhondo ku India. Yachinayi anaimanga mu 1841 kuti aikepo mfumu William IV ali pa hatchi, ndalama zinatha, nsanja n'kukhala yopanda kanthu zaka zoposa 150. Kuyambira 1999 anayamba kumaikapo ntchito za aluso mosinthanasinthana, chilichonse chimakhala kanthawi n'kuchoka. Cha Chilembwe chinaikidwa mu September 2022 ndipo chinakhala zaka ziwiri, nthawi yake inangokwana basi.

Aphunzitsi opuma: Ndi momwemo. Anachipanga ndi Samson Kambalu, mwana wa kwathu konkuno amene amaphunzitsa ku Oxford, ndipo anachitcha Antelope. Anatengera chithunzi cha 1914 chimene Chilembwe anajambulitsa ndi mnzake mmishonale John Chorley pa tchalitchi chatsopano cha ku Mbombwe. Nkhani yonse yagona pa chipewa. Masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu, koma pa chithunzipo Chilembwe ali chivalire. Kambalu anamukulitsa Chilembwe pafupifupi kawiri kuposa Chorley, kuti amene mbiri inamuchepetsa aoneke ndiye wamkulu. Mwezi wa January 1915 kuukira kunachitika, February asanafike pakati Chilembwe anali ataphedwa, tchalitchi chija n'kugwetsedwa. Ndiye taganizani, patatha zaka 107 munthu yemweyo kuima ndi chipewa chake moyang'anana ndi akazembe a ufumu umene unamupha. Ine misozi inalengeza nditaona pa TV.

Mlamu wa ku Joni: Komabe aphunzitsi, akazembewo akhalapo zaka zoposa 150, wathu zaka ziwiri. Pamenepo palibe nkhani?

Aphunzitsi opuma: Nkhani ilipo ndithu, sindikukana. Koma funso limenelo tidzifunsenso tokha, kuti ku Blantyre kapena ku Lilongwe tinamuimikira chotani.

Wa ku Chipata: Apa mwalasa aphunzitsi

Make Tadala: Koma ndiye ndiwauza bwanji mayi abale inu. Ndakhala ndikuwalonjeza.

Nasibeko: Auzeni usiku uno, ndipo mupitebe. Nsanjayo ilipo, ili kutsogolo kwa National Gallery chakumanzere mukayang'ana nyumbayo. Mu September 2024 anaikapo ntchito ya mayi wina wa ku Mexico, Teresa Margolles, zigoba za nkhope za anthu mazanamazana. Aonetseni pa foni momwe Chilembwe anaimira ali pamalo pomwepo. Komanso mu National Gallery kulowa ndi ulere, muli zimbudzi zaukhondo ndi mipando yofewa. Chinsinsi cha kuyenda wapansi mu London ndi chimenecho: mamyuziyamu akuluakulu salipiritsa, ndiye mvula ikayamba kapena munthu akafuna kudzithandiza, mumangolowa. Masiteshoni akuluakulu a sitima ngati Victoria, Waterloo ndi London Bridge nawonso zimbudzi zake ndi zaulere.

Mlamu wa ku Joni: Muli pabwalopo muyang'anenso kum'mawa, pali South Africa House. Pakhomo pamenepo anthu anachita zionetsero usana ndi usiku osalekeza kuyambira 1986 mpaka Mandela atatuluka mu 1990. Chiboliboli cha Mandela chili ku Parliament Square, pafupi ndi cha Gandhi. Cha Jan Smuts chilinso pabwalo lomwelo, anthu amene sakanadyera mbale imodzi kkkk

Wa pa Ndix: Gulu lino lasanduka kalasi ya history. Mayi akufuna chithunzi pa Big Ben ndi bokosi lofiira la foni basi

Ankolo a ku Slough: Mphwanga, Big Ben ndi belu la m'katimo. Nsanjayo dzina lake ndi Elizabeth Tower kuyambira 2012. Iwe ndi masitepe ako 31,000 sunamve?

Wa pa Ndix: Ankolo nanunso mwalowa mbali ya aphunzitsi

Wa ku Chipata: Ine pempho langa ndi limodzi. Mukafika ku Parliament Square, Westminster Abbey ili pomwepo, ndipo m'menemo ndi mmene munagona David Livingstone. Anafera kwathu ku Zambia, kwa Chitambo, mu 1873. Mtima wake anaukwirira konko pansi pa mtengo, thupi analiumitsa ndi mchere ndi dzuwa, Susi ndi Chuma ndi anzawo n'kulinyamula miyezi yambirimbiri mpaka ku Bagamoyo kunyanja ya mchere. Anamuika mu Abbey mu April 1874. Ife tikamadandaula matuza a makilomita anayi tizikumbukira anthu amenewo, anayenda makilomita oposa 1,500 ndi maliro pa phewa.

Aphunzitsi opuma: Ndipo Chumayo anali Myao, anaomboledwa kwa ogula akapolo mu 1861 kumapiri a Shire kuno, n'kukakhala pa mishoni ya ku Magomero. Magomero ndi ku Chiradzulu komweko kwa mayi. Mwala wa pamanda umanena za manja okhulupirika amene anamunyamula pamtunda ndi panyanja, koma maina a eni manjawo sanalembepo.

Make Tadala: Izi ndiye amayi akazimva sagona. Kulowa ndi ndalama zingati?

Nasibeko: N'kodula asisi, pafupifupi mapaundi 30 munthu mmodzi. Koma mapemphero salipiritsa. Madzulo kumakhala mapemphero oimba, mkati mwa sabata kawirikawiri 5 koloko. Mufike msanga muime pa mzere wa ku khomo lalikulu la kumadzulo, munene kuti mwabwera kudzapemphera. Dziwani kuti simuloledwa kuyendayenda kapena kujambula, ndi tchalitchi osati chionetsero. Manda a Livingstone ndi mwala wakuda wa pansi pakatikati pa tchalitchi, ndiye polowa kapena potuluka muziyang'ana pansi. Muli pa mzerepo kwezani maso pamwamba pa khomo, pali ziboliboli khumi za anthu ofera chikhulupiriro m'zaka za m'ma 1900. Pali Janani Luwum, bishopu wamkulu wa ku Uganda amene anaphedwa nthawi ya Idi Amin, ndi mtsikana wa ku South Africa Manche Masemola. Izi mumaona muli panja, osalipira kanthu.

Ankolo a ku Slough: Kupita ku mapemphero pofuna kuzemba tikiti, Mulungu akuona

Make Tadala: Ankolo, amayi anga tchalitchi sachita kuwakakamiza kkkk. Vuto likhala kuwatulutsa.

Mlamu wa ku Joni: Nanga za akuba bwanji kumeneko? Kuno sitiyenda ndi foni m'manja

Nasibeko: Kuno sakuloza ndi mpeni masana pamalo ngati amenewa, koma mafoni amatsomphola kwambiri. Anyamata a pa njinga zamagetsi amadutsa ngati mphepo, foni yapita. Mukafuna kuona mapu, chokani m'mphepete mwa msewu, tsamirani khoma. Ndiponso simufunika foni nthawi zonse, m'makona ambiri muli zikwangwani zazitali za mutu wachikasu zokhala ndi mapu, zimaonetsa pamene mungafike pa mphindi 5 ndi pa mphindi 15. Chikwama cha mayi chikhale kutsogolo, pasipoti isayende nawo m'thumba la m'mbali.

Wa pa Ndix: Ndipo pa Westminster Bridge musaime pa anthu a timakapu titatu aja. Ndikunena ndi mtima wowawa

Wa ku Chipata: Fotokozani bwino achimwene kkkk

Wa pa Ndix: Ndinangofika kumene, mwezi woyamba. Munthu akusuntha timakapu pansi, kampira kali mkati mwa kamodzi. Ndikuona mzimayi wina wawina 50, bambo wina wawina 100. Ine maso anga akuthwa, kampira ndikukaona bwinobwino. Ndinaika 40. Kutsegula, mulibe. Pobwerera madzulo ndinapeza mzimayi uja ndi bambo uja akadali pompo "akuwinabe". Onse ndi gulu limodzi

Ankolo a ku Slough: Mwana wokulira ku Ndirande kuberedwa ndi njuga ya pa mlatho! Usakanene kumudzi, akakuseka mpaka ku Chinseu

Admin: Kkkk tiyeni tibwerere ku funso la Make Tadala abale. Tsiku lachiwiri?

Nasibeko: Tsiku lachiwiri ndi la mtsinje. Muyambire pa London Eye, tsidya lina la Big Ben, n'kumatsata Thames kulowera kum'mawa mpaka Tower Bridge. Ndi makilomita anayi, njira yake ndi ya anthu oyenda pansi okhaokha, yosalala, yopanda chitunda. Simungasochere chifukwa madzi amakhala kumanzere kwanu nthawi zonse. Chigudumu chachikulu cha London Eyecho kukwera n'kodula ndipo mzere ndi wautali, ine ndimati chisiyeni. Mudutsa ogulitsa mabuku akale pansi pa Waterloo Bridge, kenako Tate Modern, imene kale inali nyumba yopangira magetsi, kulowa ulere. Pamenepo pali kamlatho ka anthu oyenda pansi, Millennium Bridge, koloza ku St Paul's. Atakatsegula mu 2000 kanayamba kugwedezeka anthu akamayenda, anakatseka patangotha masiku awiri mpaka 2002. Pano ndi kolimba, mayi asaope. Mukapitirira mufika ku Borough Market, kenako muona Tower Bridge patsogolo.

Wa pa Ndix: Ndipo wa nsanja ziwiri uja ndi Tower Bridge osati London Bridge. London Bridge ndi mlatho wamba, ngati wa pa Lilongwe pa Mchesi. Ichi chokha ndikuchidziwa

Aphunzitsi opuma: Mwakhoza, khalani pansi.

Mlamu wa ku Joni: Mukaoloka Tower Bridge muli pa Tower of London, mmene amasungira zisoti za mfumu. Dayamondi wamkulu wa pa ndodo yachifumu anadulidwa ku mwala wa Cullinan umene unakumbidwa kuno pafupi ndi Pretoria mu 1905. Ine sindingalipire kuti ndikaone katundu wa kwathu kuseri kwa galasi

Ankolo a ku Slough: Kwanu ndi ku Ntcheu alamu, Pretoria mwayamba liti

Make Tadala: Kkkkk. Nanga chakudya? Amayi akapanda kudya nsima amati agona ndi njala.

Nasibeko: Tsiku limodzi apirire. Nyamulani kamba wa panjira, mazira owiritsa, mandasi, nthochi, tiyi mu fulasiki, mukadyere mu paki. Palibe amene angakuyang'aneni, eni dziko amachita zomwezo. Ku Borough Market kaoneni ndi maso, mitengo yake ndi ya alendo. Madzi a pa mpopi ndi abwino, tengani botolo muzidzaza. Ndipo jekete yamvula muitenge ngakhale kutacha bwanji. Ubwino wa July ndi woti dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku, ndiye palibe chothamangira. Mukanabwera December bwenzi 4 koloko kuli mdima.

Ankolo a ku Slough: Ine ndingowonjezera chimodzi, poti mwandigonjetsa. Akatopa musachite manyazi kukwera basi wamba yofiira. Ndi £1.75, ndipo mukasintha basi ola lisanathe simulipiranso. Ndalama za m'manja salandira, mugunditsa khadi la ku banki, aliyense lake, kapena muwagulire mayi khadi lolipirira ulendo lotchedwa Oyster. Nambala 15 imachoka pa Tower kudutsa pa St Paul's mpaka Trafalgar Square. Mukakhala m'mwamba kutsogolo ndi chimodzimodzi basi ya alendo ija. Koma njinga zonyamula anthu zokhala ndi nyali ndi nyimbo zija musakwere musanamve mtengo wonse. Si kabaza wa ku Salima ameneyo.

Make Tadala: Zikomo nonse, ndalemba zonse pa pepala. Ndidzakuuzani mmene tayendera.

Make Tadala: Abale tabwerako usiku wathawu, miyendo ngati si yanga. Ndiyambe ndi kuvomera kuti nsapato zatsopano zinapita nawo, chifukwa amayi anati sangakaonekere kwa mfumu ndi zakale. Tisanafike n'komwe kumapeto kwa The Mall anali atazivula, anavala masilipasi amene ndinabisa m'chikwama. Zithunzi zonse kuyambira pamenepo ndinajambula kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba.

Asilikali sitinawaone akusinthana, basi yathu inachedwa panjira, koma amayi sizinawakhudze. Chimene chinawagwira mtima mu paki muja ndi udzu. Akuti malo onsewa, madzi ali pomwepo, osadzala ngakhale mpiru? Agologolo anawayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti a kuno ndi onenepa chifukwa kulibe anyamata a malegeni. Aphunzitsi, nyumba zanu ziwiri zija tinazipeza, ndinawawerengera uthenga wanu uja tili chiimire pa mpanda. Anangoti "Kamuzu anayenda pano?" n'kuyang'ana pansi pamene anaponda.

Za Chilembwe ndinawauza Lachitatu usiku monga munanenera a Nasibeko. Anakhala chete, kenako anati tipitabe. Titafika pa nsanja paja ndinawaonetsa chithunzi pa foni, iwo akuyang'ana foni, akuyang'ana m'mwamba, kangapo konse. Kenako anamasula mfundo ya pa chitenje, mukudziwa mmene amasungira ndalama azimayi a kwathu, n'kutulutsa K2,000. Anaitambasula, nkhope ya Chilembwe kuloza kwa ine, n'kuimika dzanja m'mwamba kutsogolo kwa nsanjayo, akuti "jambula, wabweranso." Mzungu wina wachikulire anaima n'kufunsa kuti ndi ndani pa ndalamapo, ndinamufotokozera, iye akuti chiboliboli cha chipewa chija ankachiona tsiku lililonse popita ku ntchito koma sankadziwa kuti munthuyo ali pa ndalama. Amayi anafuna kumupatsa K2,000 ija, ndinachita kuwagwira dzanja.

Aphunzitsi opuma: Mayi a Tadala, chithunzi chimenecho ndikuchipempha ku inbox, ngati mayi angalole.

Wa ku Chipata: Nanga kwa Livingstone munafika?

Make Tadala: Tinafika. Tinaima pa mzere 4 koloko itangopitirira, mvula ikuwaza, ndipo tinalowa. Mwala tinauona potuluka, mwachidule chabe chifukwa anthu amakhala akukusunthani. Amayi anakana kuupondapo, anachita kuulambalala, ndipo anadabwa kuona ena akungoyendapo ndi nsapato. Akuti manda a munthu? Nyimbo anazikonda koma akuti anthu ake amaimba ngati akuopa kudzutsa mwana.

Lachisanu tinayamba mochedwa chifukwa maondo anali atauma. Tinayenda m'mbali mwa mtsinje pang'onopang'ono, benchi iliyonse kukhalapo. M'mawa madzi anali atatsika mpaka matope ndi miyala kuonekera, anthu ena akuyenda pansi pompo. Titafika ku Tower Bridge masana mtsinje unali utadzaza, ukuyenda chobwerera kumtunda. Amayi anakakamira kuti si mtsinje womwe uja, akuti Shire sanachitepo zimenezo.

Nasibeko: Ndi madzi a m'nyanja ya mchere amenewo, amalowa ndi kutuluka kawiri pa tsiku, ndipo amatha kukwera mamita 6 kapena 7. Ndinaiwala kukuuzani. Ku Borough Market munadutsa?

Make Tadala: Tinadutsa, ndipo ndinalakwa kuwauza mtengo wa tomato m'makwacha. Anagwira pakamwa mpaka tinatuluka. Pa Tower Bridge anaoloka okha bwinobwino, koma titafika tsidya linalo anakhala pa khoma n'kunena kuti apa ndiye pothera, ngakhale mfumu itandiitana. Ndiye Ankolo, tinakwera 15 yanu ija. Masitepe okwera m'mwamba anawakwera chokwawa, koma atakhala kutsogolo sanafunenso kutsika.

Ankolo a ku Slough: Ndinanena ine! Admin lembani penapake kuti Ankolo ananena

Nasibeko: Munanena basi ya mapaundi makumi angapo Ankolo, iyi ndi ya £1.75. Komanso akanakhala pa basi masiku onse awiri K2,000 ija akanaitulutsira pati?

Wa pa Ndix: Foni inawerenga masitepe angati asisi?

Make Tadala: Lachinayi 13,000, Lachisanu 11,000. Musaseke. Amayi akuti ulendo wina akufuna akaone ku Harlesden kumene Kamuzu anali ndi chipatala chake, ndiye amene akudziwa basi yopita kumeneko kuchokera ku Victoria andiuze, chifukwa ku una kuja akanabe.